Albert Einstein, Mphunzitsi Amene Makalata Ake Sankayankhidwa

Ambiri a ife dzina la Albert Einstein tinalimva koyamba ku sekondale, m'phunziro la sayansi, ndipo chithunzi chake timachidziwa: nkhalamba ya tsitsi loyera losapesa, ndevu zapamlomo, maso ofatsa. Timamudziwa ngati munthu amene nzeru zake zinagwedeza dziko lonse. Chimene ambiri sitinauzidwe n'chakuti pepala limene anatuluka nalo ku koleji linali dipuloma ya uphunzitsi wa masamu ndi fizikisi, la mtundu womwewo umene ena a ife tikuuvutikira pano. Atalandira pepalalo anakhala pafupifupi zaka ziwiri wopanda ntchito yokhazikika, ndipo panapita zaka 9 asanapatsidwe mpando wa malipiro pa yunivesite iliyonse. Zaka zimenezo ndizo tikufuna kukhalitsapo m'nkhani ino.

Anabadwa pa 14 Malichi 1879 mumzinda wa Ulm ku Germany, m'banja la Chiyuda, koma anakulira ku Munich kumene bambo ake, a Hermann Einstein, ankapanga ndi kugulitsa zipangizo zamagetsi pamodzi ndi mng'ono wawo Jakob. Bizinesiyo italowa pansi mu 1894, banja linasamukira ku Italy n'kumusiya Albert kuti atsirize sukulu. Iye sanapirire. Sukulu ya kumeneko ankaiona ngati ya chisilikali, yongoloweza pamtima, choncho anangonyamuka n'kutsatira makolo ake alibe satifiketi m'manja. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 16, analemba mayeso olowera ku Polytechnic ya mumzinda wa Zurich ku Switzerland. Masamu ndi fizikisi anakhoza mochititsa kaso, koma maphunziro ena anamugwetsa. Anakakhala chaka chimodzi pa sekondale ya ku Aarau, ndipo mu Okutobala 1896 analowa ku Polytechnic kuja, m'chigawo chosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi.

Kunena zoona, Einstein sanali wophunzira woti mphunzitsi n'kumukonda. Ankajomba n'kumakhala kuchipinda kwake akuwerenga mabuku a akatswiri monga Maxwell, Helmholtz ndi Boltzmann, chifukwa ankaona kuti pulofesa wa fizikisi, a Heinrich Weber, ankaphunzitsa zakale n'kudumpha zatsopano. Mayeso akayandikira ankabwereka manotsi a mnzake Marcel Grossmann, amene ankalemba mwaukhondo ndipo sankaphonya tsiku. A Weber sankawatchula ndi ulemu wa upulofesa monga unalili mwambo, ankangowaitana ngati bambo wamba. Pulofesa wina, a Jean Pernet, amene ankayang'anira ntchito za mu labotale, anamupatsa malikisi otsikitsitsa, 1 pa 6, ndipo mu 1899 sukulu inamudzudzula chifukwa chosalimbikira.

Amene anakhala pa mayeso otsiriza mu Julayi 1900 anali asanu: Einstein, Grossmann, Louis Kollros, Jakob Ehrat, ndi mtsikana mmodzi wa mtundu wa anthu a ku Serbia dzina lake Mileva Marić, amene pa nthawiyi anali kale bwenzi lake. Einstein anapeza 4.91 pa 6, n'kukhala wachinayi. Mileva analephera. Tsono m'masiku amenewo khomo lodziwika lolowera ku ntchito ya pa yunivesite linali kukhala wothandizira pulofesa. Wothandizira ankakonza zipangizo mu labotale, ankachonga ntchito za ophunzira, ndipo pa malipiro ochepawo ankapeza mpata wochita kafukufuku wa digiri ya udokotala. Wosankha anali pulofesa mwini wake. Akakufuna wakufuna, akakukana panalibe kokadandaula. Grossmann, Kollros ndi Ehrat onse anapatsidwa malo pa Polytechnic pomwepo. Einstein sanatengedwe. A Weber anasankha anyamata awiri a uinjiniya m'malo mwake. Analembera pulofesa wa masamu, a Adolf Hurwitz, amene makalasi awo ankawajomba, ndipo nako sikunatuluke kanthu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sitimuyeretsa Einstein pano, gawo lina la mavutowa anadziitanira yekha. Koma ife tikuona kuti chilango chinaposa mlandu.

Chaka cha 1901 chinayamba ndi chiyembekezo. Mu Febuluwale analandira unzika wa Switzerland, atakhala zaka zisanu wopanda dziko chifukwa unzika wa kwawo anaukana ali ndi zaka 16. Mu Malichi kafukufuku wake woyamba, wonena za mphamvu imene imakweza madzi m'kachubu kakang'ono, anatuluka m'magazini yotchuka ya sayansi ya Annalen der Physik. Ali pakhomo pa makolo ake ku Milan, anayamba kutumiza kafukufukuyo pamodzi ndi makalata opempha ntchito kwa mapulofesa a m'mayiko osiyanasiyana. Analembera a Wilhelm Ostwald, katswiri wa kemisitiri ku Leipzig. Patapita milungu iwiri osamva kanthu analembanso, akunamizira kuti mwina anaiwala kuika adiresi m'kalata yoyamba ija. Analembera a Eduard Riecke ku Göttingen, amene anali atalengeza kuti akufuna wothandizira. Awa anayankha, koma yankho linali lokana. Analembera a Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden m'dziko la Netherlands, n'kuikamo positikhadi yolipira kale kuti mkuluyo asavutike n'komwe poyankha. Positikhadiyo sinabwerere.

Pali kalata imodzi ya nthawi imeneyi imene sanalembe ndi Albert. Pa 13 Epulo 1901 bambo ake, mwana wawo osadziwa, anatenga cholembera n'kulembera Pulofesa Ostwald, munthu amene sanaonanepo naye. Anayamba ndi kupepesa kuti kholo likulimba mtima chotere. Anafotokoza kuti mwana wawo ali ndi zaka 22, kuti sayansi amaikonda ndi mtima wonse, kuti ulova wamufooketsa moti tsiku ndi tsiku akunka nakhulupirira kuti moyo wake wasochera, ndi kuti chikumupweteka kwambiri n'chakuti wasanduka katundu kwa makolo amene nawonso alibe zambiri. Anapempha kuti ngati ntchito palibe, pulofesayo angowerenga kafukufuku uja n'kulembako mawu ochepa olimbikitsa. Ife amene tinaona makolo athu akugulitsa mbuzi kapena kupasula nkhokwe kuti fizi ikwane, kalata imeneyi sitingaiwerenge ndi mtima wouma. A Hermann nawonso sanayankhidwe.

Kukanidwa kumapweteka, koma wokanidwa amadziwa pamene waima. Wosayankhidwa amakhala m'malere. Sadziwa ngati kalata inafika, ngati inawerengedwa, ngati malo anadzaza kale, kapena ngati wina anamuipitsira mbiri, ndipo mutu umayamba kudzipangira wokha mayankho. Einstein anakhulupirira kuti a Weber ndiwo ankamutsekera makomo, kuti pulofesa aliyense akafunsa ku Zurich za iye ankamva zoipa. Ankaganizanso kuti Chiyuda chake chikumutchinga m'mayiko olankhula Chijeremani, moti anayamba kuponya maso ku mayunivesite a ku Italy. Chidani pa Ayuda chinalipodi, monga tione kutsogoloku. Koma anthu awiri aja amene anakhala chete sanali adani ake. Zaka 10 zisanathe, a Ostwald ndiwo anakhala munthu woyamba kupereka dzina la Einstein kuti alandire mphoto ya Nobel, ndipo a Kamerlingh Onnes anali m'gulu la amene anamuitana kukakhala pulofesa wapadera ku Leiden mu 1920. Positikhadi ija ikusungidwa ku Leiden komweko, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za sayansi, yosalembedwa yankho.

Kuwala pang'ono kunachokera kwa mnzake wa manotsi uja. Mu Epulo momwemo Grossmann analemba kuti bambo ake alankhula ndi a Friedrich Haller, mkulu wa ofesi ya boma ya ma patent ku Bern, ndipo malo akadzapezeka Einstein adzaganiziridwa. Patent ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira makina kapena chipangizo chatsopano, kuti ena asamubere nzeru yakeyo. Sinali ntchito ya pa yunivesite, ndiponso tsiku silinatchulidwe. Podikira anagwira maganyu a uphunzitsi. Kuyambira Meyi mpaka Julayi anagwirizira mphunzitsi amene anapita ku usilikali pa sukulu ya zaumisiri ku Winterthur, maola 30 pa mlungu, ndipo anadabwa kupeza kuti kuphunzitsa kukumukomera. Mu Sepitembala anapita ku Schaffhausen kukaphunzitsa mnyamata mmodzi wa ku England pa sukulu ya munthu, koma anakangana ndi mwini sukuluyo pa nkhani ya ndalama ndi chakudya. Anapereka kafukufuku wa udokotala ku yunivesite ya Zurich, imene ndi sukulu ina yosiyana ndi Polytechnic, kenaka n'kukamutenganso chifukwa pulofesa wa kumeneko, a Alfred Kleiner, sanakhutire naye. Dzina la a Kleiner tilisunge, tikumana nawonso.

Pa nkhani ya banja napo zinthu sizinali bwino. Mileva anatenga pakati awiriwa asanakwatirane, analepheranso mayeso mu Julayi 1901, n'kubwerera kwa makolo ake. Kumayambiriro kwa 1902 anabereka mwana wamkazi, Lieserl. Mayi ake a Einstein sankafuna kumva za ukwatiwo, ndipo mnyamatayo analibe malipiro oti n'kusungira banja. Mileva pobwerera ku Switzerland sanabwere naye mwanayo, ndipo dziko linadziwa zoti anakhalako makalata a awiriwa atapezeka m'zaka za m'ma 1980. Tikamakamba za ulova timakonda kuwerenga munthu mmodzi. Apa amene analipira kwambiri anali mtsikana amene analowa koleji pamodzi naye n'kutulukamo wopanda pepala, ndi khanda limene silinalowe m'nyumba ya bambo ake.

Malo a ku Bern analengezedwa mu Disembala 1901, ndipo mawu a chilengezocho analembedwa moti munthu wophunzira fizikisi akhoza kufunsira. Einstein anatumiza kalata, ndipo asanamve yankho anasiya ganyu ya ku Schaffhausen n'kusamukira ku Bern mu Febuluwale 1902. Munthu wanzeru akanamukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Miyezi inayi inadutsa kuli zii. Anaika kachilengezo m'nyuzipepala ya mumzindamo kuti amaphunzitsa masamu ndi fizikisi mwapadera, phunziro loyamba laulere. Mmodzi mwa amene anabwera, Maurice Solovine wa ku Romania, anasanduka mnzake wocheza naye m'malo mwa wophunzira wolipira, moti pamodzi ndi mnzawo wina Conrad Habicht ankakumana madzulo kuwerenga mabuku ndi kutsutsana mpaka usiku, pa tebulo pali tchizi, zipatso ndi tiyi. Kagulu kawo anakatcha mwanthabwala Akademie Olympia.

Pomaliza a Haller anamuitana ku intavyu. Anali munthu wolankhula mosapsatira, ndipo mafunso awo anaika poyera zimene mnyamatayo ankadziwa ndi zimene sankadziwa. Fizikisi inali m'mutu mwake, koma zojambula za mainjiniya, zimene ndizo ntchito ya tsiku ndi tsiku mu ofesi imeneyo, anali asanaziphunzire. A Haller anamutenga, koma pa mpando wotsika kuposa umene unalengezedwa, ndiponso mongomuyesa kaye. Pa 16 Juni 1902 boma linavomereza kuti akhale katswiri wa gulu lachitatu pa malipiro a ma franc 3,500 pa chaka. Anayamba ntchito pa 23 Juni, miyezi 14 chilandirire kalata ya Grossmann ija. Bambo ake anamwalira ku Milan mu Okutobala chaka chomwecho. Anangoona mwana wawo ali kalaliki wa boma, basi, ndipo ali pafupi kutsirizika anavomereza ukwati wake ndi Mileva. Awiriwo anakwatirana mu Januwale 1903.

Ntchito inali ya maola 8 pa tsiku, masiku 6 pa mlungu: kuwerenga mapempho a anthu otulukira makina, kuona ngati chinthucho chingagwiredi ntchito ndi ngati chili chatsopanodi. A Haller ankaphunzitsa antchito awo kuti akagwira pempho ayambe ndi kuganiza kuti zonse zimene mwini wake wanena n'zolakwika, ndipo Einstein anavomereza pambuyo pake kuti ntchitoyi inamunola maganizo. Nthawi yotsala ankaipereka ku sayansi yake. Mu 1905, ali ndi zaka 26, anatumiza ku Annalen der Physik nkhani zinayi zimene mpaka lero zili m'mabuku athu. Yoyamba inati kuwala kumayenda m'timitolo ting'onoting'ono ta mphamvu. Yachiwiri inaonetsa kuti kunjenjemera kwa tinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzi ndi umboni wakuti maatomu alipodi. Yachitatu inati nthawi ndi mtunda sizikhala zofanana kwa anthu oyenda pa liwiro losiyana, pamene liwiro la kuwala silisintha. Yachinayi ndiyo inabala E = mc². Chaka chomwecho a Kleiner omwe aja anavomereza kafukufuku wake watsopano wa udokotala, ndipo mu Epulo 1906 ku ofesi anamukweza kukhala wa gulu lachiwiri pa ma franc 4,500.

Wina angaganize kuti apa mayunivesite anayamba kumulimbirana. Ayi ndithu. A Max Planck, katswiri wamkulu wa ku Berlin, ankalemberana naye makalata, ndipo wothandizira wawo Max Laue anayenda ulendo kukamuona ku Bern, koma ntchito panalibe. Mu 1907 anapempha chilolezo chophunzitsa pa yunivesite ya Bern, udindo wopanda malipiro, wongodalira tindalama ta ophunzira amene abwera kudzamvera. Anapereka nkhani zake 17 zosindikizidwa. Anamubweza chifukwa lamulo linkafuna kafukufuku wina watsopano wosasindikizidwa. Kumayambiriro kwa 1908 anafika poganiza zokaphunzitsa ku sukulu zotsikirapo. Analembera Grossmann kufunsa njira yabwino yofunsira malo pa sukulu ya ku Winterthur ija: kodi apite yekha kukadzionetsa, nanga kalankhulidwe kake kosakhala ka ku Switzerland ndi nkhope yake ya Chiyuda sizikamugwetsa? Anafunsiranso malo a mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Zurich. Ofunsira anali 21. Iye sanalowe n'komwe m'gulu la atatu omaliza. Tisafulumire kuiseka komiti imeneyo. Inkafuna munthu woti aime pamaso pa ana m'mawa uliwonse, ndipo nkhani za kuwala ndi maatomu sizinkanena ngati kalaliki ameneyu angathe kutero.

Anadzichepetsa, analemba kafukufuku amene a ku Bern ankafuna, ndipo mu Febuluwale 1908 anapatsidwa chilolezo. Kosi yake yoyamba, yonena za kutentha, inkachitika Lachiwiri ndi Loweruka 7 koloko m'mawa kuti 8 koloko imupeze ali ku ofesi. Omvera anali atatu, ndiwo anzake omwe. Nthawi yomweyo ku yunivesite ya Zurich kunkatsegulidwa mpando watsopano wa fizikisi, ndipo a Kleiner, amene mawu awo ndiwo ankalemera pa nkhaniyi, anaganiza zokamuona Einstein akuphunzitsa. Anakwera sitima ya pamtunda kupita ku Bern n'kukakhala m'kalasi.

Ife a uphunzitsi mphindi imeneyi tikuidziwa. Woyesa akalowa mwakachetechete n'kukhala pa desiki yakumbuyo ndi cholembera m'manja, choko chimaterera, ndipo zimene unakonza usiku wonse zimauluka. Einstein anavomereza yekha pambuyo pake kuti tsikulo sanaphunzitse bwino, chifukwa sanakonzekere mokwanira komanso chifukwa kuyesedwako kunamusokoneza. A Kleiner anatuluka ali ndi maganizo akuti munthuyu amangodzilankhulira yekha ndipo uphunzitsi uli naye kutali. Zimenezi anauzako anthu ena, mpaka zinafika m'makutu mwa mwini wake. Einstein anaona kuti mbiri yotere ikafala ndiye kuti khomo la yunivesite iliyonse latsekeka. Analembera a Kleiner kalata yodandaula, ndipo iwo anayankha kuti ali okonzeka kusintha maganizo ngati atawaonetsa kuti kuphunzitsa amatha. Anagwirizana kuti akalankhule pamaso pa bungwe la akatswiri a fizikisi ku Zurich. Mu Febuluwale 1909 anapita atakonzeka, ndipo zinayenda bwino.

Pamenepa pali kusiyana ndi 1901. Nthawi ijayi analibe womufunsa chifukwa aliyense anali chete. Tsopano anali ndi woweruza amene ananena maganizo ake, ndipo Einstein, m'malo mokwiya n'kutembenuka monga ankachitira kwa a Weber, anapempha mwayi wachiwiri n'kukonza chimene chinalakwika. A Kleiner nawonso tiwapatse ulemu wawo. Si akuluakulu ambiri amene amalola kuonanso munthu amene anamuweruza kale.

Panalinso wina amene dzina lake linkamveka pa mpandowo, Friedrich Adler, mwana wa mtsogoleri wa chipani china chachikulu ku Austria, amene andale ena a ku Zurich akanakonda kuti apatsidwe. Adler mwini wake analembera bambo ake kuti mwa chilungamo malowo ndi a Einstein, ndipo n'zochititsa manyazi kuti munthu wotere akukhala mu ofesi ya ma patent. Mu Malichi 1909 mapulofesa anavota mwachinsinsi: 10 anavomera, mmodzi sanavote. Koma m'kalata imene anatumiza ku boma anaona kuti n'kofunika kukambapo za Chiyuda chake. Anatchula makhalidwe oipa amene anthu ankanenera Ayuda, n'kufotokoza kuti a Kleiner, amene akumudziwa munthuyu kwa zaka, awatsimikizira kuti iye alibe zimenezo. Nkhawa imene anauza Grossmann ija sinali yongopeka. Zitatha izi kunabwera nkhani ya malipiro. Anamulonjeza ndalama zochepa kuposa za ku ofesi, ndipo munthu amene anafunafuna mpando umenewu zaka 9 anakana. Anali ndi mkazi ndi mwana wamwamuna wa zaka zisanu, Hans Albert. Boma linakweza ndalamazo kufika ma franc 4,500, ndipo mu Okutobala 1909, ali ndi zaka 30, anayamba ntchito ngati pulofesa wamng'ono.

Kuchokera apa zinthu zinathamanga. Mu 1910 yunivesite ya Chijeremani ya ku Prague inaika dzina lake pamwamba, koma unduna ku Vienna unkafuna wachiwiri pa mndandandawo, a Gustav Jaumann, amene anali nzika ya Austria. A Jaumann anakana okha, Einstein n'kupita mu 1911, atauzidwa kuti wantchito wa mfumu ya Austria ayenera kukhala ndi chipembedzo. Iye, amene ankadzilemba kuti alibe chipembedzo, analemba chipembedzo cha Mose. Mu 1912 anabwerera ku Polytechnic ya Zurich, sukulu yomwe inamukana uthandizi, tsopano ngati pulofesa wamkulu. Omuchitira umboni anali Marie Curie ndi Henri Poincaré, ndipo wokoka chingwe anali Grossmann yemweyo, amene pa nthawiyi anali pulofesa wa masamu pamenepo. A Weber anamwalira chaka chomwecho iye asanafike. Mu 1913 a Planck ndi a Walther Nernst anayenda kuchokera ku Berlin kudzamupempha kuti akakhale kumeneko, pa malipiro aakulu, popanda kukakamizidwa kuphunzitsa. Anawauza kuti amupatse nthawi aganize kaye.

Ku Berlin, mu Novembala 1915, anamaliza chiphunzitso chake cha mphamvu yokoka, chimene masamu ake anayamba kuwaphwanya ndi Grossmann ku Zurich. Pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919 akatswiri a ku Britain anajambula nyenyezi ali pa chilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa ndi ku Sobral ku Brazil, n'kupeza kuti kuwala kumapindika podutsa pafupi ndi dzuwa monga iye ananenera. Dzina lake linamveka dziko lonse. Mphoto ya Nobel ya 1921 inapita kwa iye chifukwa cha nkhani yoyamba ija ya 1905. Banja lake linali litasweka kale. Mileva anabwerera ku Zurich ndi ana awo awiri aamuna mu 1914, ukwati unatha mu 1919, ndipo chaka chomwecho Einstein anakwatira msuweni wake Elsa. Pa nkhani ya m'nyumba sanali munthu woti n'kutengerapo chitsanzo. Ndalama za Nobel anapereka kwa Mileva monga anagwirizana posudzulana.

Hitler atatenga boma mu 1933, Einstein anali pa ulendo ku America. Sanapondenso ku Germany. Anatula pansi udindo wake ku Berlin, ndipo mu Okutobala anakhazikika ku Princeton, pa Institute for Advanced Study. Mu Epulo chaka chimenecho boma la Germany linali litaika lamulo lochotsa Ayuda m'ntchito za boma, ndipo mapulofesa ndi othandizira awo ambirimbiri anadzuka m'mawa opanda ntchito. Tsopano makalata opempha thandizo ankabwera pa tebulo la Einstein. Analankhula ku Royal Albert Hall ku London posonkhetsa ndalama zothandizira akatswiri othawa kwawo, anachitira umboni anthu ofuna kulowa ku America, ndipo analemba makalata oyamikira ofunsira ntchito ochuluka kwambiri moti ena anayamba kudandaula kuti kalata ya Einstein yasiya kulemera.

Grossmann anamwalira mu 1936 atadwala nthawi yaitali. Polembera mkazi wamasiye, Einstein anakumbukira masiku a ku koleji, kuti mnzakeyo anali wophunzira wadongosolo wokondedwa ndi aphunzitsi pamene iye anali wolota wosalongosoka, ndi kuti maphunziro atatha, onse atamutaya, Grossmann ndi bambo ake ndiwo anamufikitsa kwa a Haller. Anati popanda zimenezo sakanafa, koma maganizo ake akanafota. Mu 1955 Polytechnic ya Zurich inkakwanitsa zaka 100 ndipo anamupempha kuti alembeko zokumbukira. Sankakonda kulemba za moyo wake, koma mu Malichi analemba masamba ochepa, n'kunena kuti chimene chamulimbitsa mtima kutero ndi kufuna kuthokoza Grossmann. Anamwalira m'chipatala cha ku Princeton pa 18 Epulo 1955 ali ndi zaka 76, ndipo masambawo anasindikizidwa iye atapita kale.